Aneba Athu ndi Dziwe Lomwe Linkatha Kolorini

Aneba athu, bambo opuma pantchito, amavuula masamba m'dziwe losambiramo la pamdadada wathu kuno mumzinda wa Iloilo m'mawa uliwonse. Palibe anawatuma. Ukawathokoza amati, "Ndikungodutsa."

Chilimwe chathachi kolorini, mankhwala oyeretsa madzi, ankatha tsiku lomwelo, madzi n'kubiriwira, mpaka komiti inati dziwelo likwiriridwe. Ana anakhumudwa. Bambowa anazungulira kuseri kwa mpanda n'kupeza nthochi za Aling Perlita, mayi okhala kuseriko, zili biriwiri pamene kwina konse kwauma.

"Ate, kodi nthochi zanuzi zimasambira nafe?" anawafunsa mayiwo, powatchula achemwali m'chinenero cha kuno.

Paipi inali itang'ambika pansi. Madzi amankhwala ankathawira kunthochiko, mpope n'kumadzazamo atsopano. Bambowo anaimata okha, ndipo Loweruka ana anasambira.

Masiku ano bambowo akamaliza kuvuula masamba, ndimawaona atanyamula ndowa kukathirira nthochi zija. Akuti akungodutsa.