Ng'ona yovala duku langa

Malemu amuna anga ankandichenjeza kuti ndisamaime pafupi ndi munthu wogwira burashi yojambulira. Ndinaiwala tsiku limodzi lokha, ndikudikira mgaiwa wanga pachigayo ku Golomoti, pafupi ndi wojambula wina amene ankapenta khoma. Sabata yotsatira pakhoma la chigayocho panali ng'ona yaikulu ikumeza njinga, itavala duku lobiriwira ngati langa, dzino lakutsogolo litaguluka ngati langanso. Ana ankaithawa, koma akuluakulu ankaseka akundiyang'ana cham'mbali.

Ndinamufunsa wojambulayo. Iye anati, "Ayi agogo, amenewa ndi apongozi anga."

Ndinayenda mpaka ku Mtakataka kukawaona apongoziwo. Mano awo ndi okwanira, ndinachita kuwerenga akuseka.

Masiku ano ndimakagayitsa kutali, pakamwa nditatseka. Mukamadutsa kuno muzindizonda, mundiuze ngati mvula yayamba kuifufuta ng'onayo.