Wantchito wa Mayi Tranter

Keziah Tranter anafika ku Hobart, doko la kutali kutsidya kwa nyanja, ali mkaidi, atamuweruza kwawo ku Mangalande chifukwa choba atsekwe. Zaka zachilango anazithera pochapa zovala za asilikali mpaka manja kusupuka. Atamasulidwa anagula mphika wakale kwa osaka anamgumi, n'kuyamba kusungunula mafuta a nkhosa amene ogulitsa nyama ankangotaya. Ankapanga makandulo ndi sopo. Fungo lake linasamutsa anansi, koma sitima za padoko zinkagula kwa iye, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala ndi sitolo, nyumba zalendi ndi antchito. Kunena kuti anali wokoma mtima kungakhale kukokomeza. Sankaba pasikelo, basi.

Zinthu zikuyenda chonchi, mwamuna wake Ebenezer, amene anamusiya kwawo, anatsika m'sitima nayenso ali mu unyolo. Iye anaba chishalo cha hatchi. Masiku amenewo boma linkagawa akaidi kwa anthu omasuka kuti akhale antchito awo, ndipo mkazi ankaloledwa kupempha mwamuna wake. Keziah anapempha. Motero mwalamulo Eben anali wantchito wa mkazi wake, ndipo bwana akadandaula, wantchito ankatumizidwa kukaphwanya miyala kumsewu, maunyolo ali kumapazi.

Zimenezi sizinalowe m'mutu mwa Eben. Ankakhala pakhomo la sitolo ndi kaliwo kukamwa, kumalonjera eni sitima ngati mwini malo.

“A Eben, mafuta akupserera kuseriko, inu mwayedzamira apa ngati bwanamkubwa.”

“Mkazi wanga, mwamuna sasonkhezera moto makasitomala akuona.”

“Kuboma sindinu mwamuna wanga. Ndinu wantchito ngati wokoka ngolo uja. Kusiyana kwake n'kwakuti iyeyo amakokadi.”

Tsiku lina masana Eben anasiya mphika ukubwata n'kupita kumowa, kumene akaidi sankaloledwa. Mafuta anasefukira pamoto, chisakasa chonse chophikiramo mafutawo chinapsa pamodzi ndi makandulo a sitima imene inkanyamuka m'mawa mwake. Wapolisi atamugwira m'balamo, Eben anamuuza kuti asamale polankhula ndi mwini sitolo.

Kukhoti woweruza anam'gwiritsa Keziah Baibulo, n'kufunsa: “Mayi Tranter, wantchito wanuyu ndi wolimbikira? Mukati ayi, mawa ali kumiyala.”

Keziah ankawadziwa anthu obwerako kumsewu. Achinyamata ankabwera ndi zilonda m'akakolo. Amsinkhu wa Eben, ndiponso achifuwa ngati chake, kawirikawiri sankabwerako. Anamuyang'ana Eben ali chiimire m'bokosi la oimbidwa mlandu atavala jekete labwino limene Keziahyo anamugulira, ndipo mtima unamuwira.

“Ndi waulesi, bwana,” anatero. “Kulimbikira amangokumvera kwa anthu.”

“Ndiye mukumubweza kuboma?”

“Kezi, mayi, taganizani bwino,” ananong'ona Eben.

“Khalani chete inu, akulankhula ndi abwana anu.” Keziah anapumira m'mwamba, natembenukira kwa woweruza. “Bwana, mukamutumiza kumsewu, msewuwo sudzatha. Adzakhala pamwala n'kumauza anzake kaphwanyidwe kake, boma likumudyetsa. Ine kudyetsa munthu wopanda ntchito ndinazolowera kale. Ndibwezereni.”

Woweruza anatsokomolera m'kampango nthawi yaitali ndithu. Kenako anati Eben apite ndi abwana ake, koma akadzapezekanso kumowa sipadzakhalanso kufunsana.

Ali m'njira Eben anayamba kung'ung'udza.

“Mwandichititsa manyazi pagulu. Simukanangoti ndine wolimbikira?”

“Ndinagwira Baibulo, bambo.”

“Ndiye munthu osanamako pang'ono chifukwa cha mwamuna wake?”

“Chisakasa changa chapsa, sitima yapita ndi makandulo a munthu wina, inu mukufuna ndipsenso ineyo? Fulumirani, phulusa likukudikirani.”

Keziah anamanganso chisakasa, ulendo uno cha njerwa, ndipo malonda anabwerera, ngakhale mwini sitima uja sanadzagulenso kwa iye. Kuyambira tsiku la mlandulo, dzuwa likangopendeka ankatsekera nsapato za Eben m'bokosi, kiyi n'kuvala m'khosi. Eben anamaliza chilango chake osaonako kumiyala, akudula zingwe za makandulo ali chosavala kumapazi, n'kumadandaulira aliyense wolowa m'sitolo kuti akuzunzidwa. Zingwezo Keziah ankazilinganizanso yekha, chifukwa panalibe ziwiri zotalika mofanana.