Dzanja Lamanja la a Petson Miti

A Petson Miti a ku komboni ya Ngungu, amene timakhala nawo benchi limodzi ku tchalitchi cha Reformed, anakulira pa sipanala. Bambo awo anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pamgodi, ndipo a Petson atangomera ndevu analowa ufitala, kumanga mabawuti a makina akuluakulu. Bawuti yomangidwa ndi a Petson, pomasula pankafunika amuna awiri ndi paipi.

Ntchito itatha anakhala pakhomo, kumangomanga zinthu zomangika kale. Mpopi wa madzi amayi Miti ankautsegula ndi pulayala.

Mwana wa mlongo wa a Petson, Everlyn, ali ndi kashopu ka magalasi a maso m'tauni. Anawamvera chisoni amayi Miti, n'kuwapatsa a Petson tebulo kuchipinda chakumbuyo. Kudula magalasi anaphunzira msanga, poti muyeso anali nawo kale m'maso.

Vuto linabwera ndi magalasi opanda felemu, aja amakonda mabwana a kumayadi ku Highridge kuti azioneka ngati sanavale kanthu. Galasi lake ndi pulasitiki yotchedwa polikaboneti, yoti ngakhale uiponye pansi siisweka. Koma umaliboola timabowo, n'kumangirapo miyendo ndi tisikuluwu tochepa ngati mutu wa nyerere. Ukamangitsa, silidandaula pomwepo ayi. Limapita kunyumba lili bwinobwino, kenaka mng'alu n'kumera pabowo paja ngati muzu wa udzu.

Makasitomala anayamba kubwerera. Everlyn anakalipira a ku Lusaka amene amamutumizira magalasi. Anakalipira dzuwa la Okutobala. Anakalipiranso makasitomalawo, ati amagona atavala. Mpaka mayi wina, Nora Kangwa, mphunzitsi, atabwezanso ake anati, "Ba Everlyn, ine ndinagula zoonera, osati zondijambulira mitsinje m'maso."

Tsiku limenelo Everlyn anakaima kumbuyo kwa amalume ake mwakachetechete. Anaona sikuluwu ikulowa, ikukhala pamalo pake. Kenaka a Petson analuma mlomo, n'kupotolanso pang'ono.

"Amalume, komaliza ako n'kachiyani?"

"Kotsimikizira, mwanawe."

"Kotsimikizira kuti shopu itsekedwe? Iyi si injini. Galasi likang'alukanso limodzi, mubwerera kunyumba kwa anti."

"Ndiye ndisiye chinthu chili lendelende pankhope pa munthu?"

"Chisiyeni. Nkhope siithamanga."

A Petson anachita mantha. Panyumba pamawatalikira dzuwa, ndipo amayi Miti anali atanena kale kuti nkhalamba yawo amaikonda kwambiri ikamachoka m'mawa. Anayesa kusiya. Koma akafika pamapeto pa sikuluwu, dzanja linkangopotola lokha iwo akuliyang'ana, ndipo ankamasulanso msanga Everlyn asanaone.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi anandidandaulira. "Achimwene, mutu wamva, koma dzanjali ndi lachikunja."

Ine ndinati, "Wosamva timamutani kuno? Liikeni pachilango. Likhale kumbuyo, lisayandikire gome mpaka litalapa."

Ndinkangocheza, koma a Petson sadziwa nthabwala. Lolemba anaika galasi pakachitsulo kogwirira, anakhalira dzanja lamanja, n'kutenga sikuludiraiva ndi lamanzere, lija silinagwirepo ntchito chibadwire. Tisikuluwu tinkagwera pansi, ntchito ya m'mawa inkafika masana. Koma mphamvu yotsimikizira linalibe.

Ming'alu inatha, ndipo tebulo lija ndi lawobe mpaka lero. Makasitomala ena akasuzumira amanong'onezana kuti ba shikulu, agogo aja, anadwala sitiroko, a Petson satsutsa.

Tsopano amene amabwerera ndi omwe mwendo wa magalasi awo wayamba kugwedera. Everlyn amati zimenezo n'zabwino, amamanga yekha mwaulere, kasitomala n'kugulanso kansalu kopukutira. A Petson akamva munthu akunena pakauntala kuti sikuluwu yamasuka, amatembenuzira mpando kukhoma, n'kukhala choncho mpaka munthuyo atatuluka.