Diresi la Mikanda Yoyera

Kuntchito amamutcha Namikanda. Amayankha ndithu, koma dzinalo limamuwawa mpaka lero.

Ntchito yake ndi yoyerekezera pa kompyuta mmene mpweya wa pakati pa milalang'amba umaunjikirana ndi chinthu chosaoneka chija, chimene akatswiri amangochidziwira ku mphamvu yake yokoka. Amamwaza timadontho tambirimbiri m'kompyutamo n'kutisiya tikokane mpaka tipange ulusi ngati wa kangaude. Ndi ntchito yodikira, yomuyenera munthu wosakonda zoyankhulayankhula ngati iyeyu.

Chaka china pa ulusiwo panatuluka timibulu tondondozana bwinobwino ngati mikanda. Chithunzicho anakaonetsa mkulu wake, telala, amene anamulera ndi makina osokera mayi awo atamwalira. Za milalang'amba mkuluyo sankazitolera, koma mng'ono wake kutulukira chinthu kumwamba! Anagula nsalu yakuda, n'kumusokera diresi, n'kusokererapo mikanda yoyera umodziumodzi monga zinalili pachithunzipo, maso ake ofooka akulengeza misozi.

Diresi limenelo ndi limene Namikanda anavala pofotokozera anzake akuntchito zimene anapeza. Atamaliza, bambo wina wakumbuyo anakweza mkono mwaulemu, ulemu woopsa uja.

"Pepani mayi, mwayesapo kuchulukitsa timadonthoto? Timibuluti tatalikirana mofanana kwambiri."

Anali asanayese. Atachulukitsa, timibulu tija tinachepa n'kuyandikana, kutsatira mmene iye mwini anayalira timadontho poyamba. Mikandayo inali ya kompyuta basi, kumwamba kunalibe. Manyazi anamugwira, ndipo dzina linamumatirira.

Chichokereni pamenepo chilichonse amachiyesa kawiri, ndi timadontho tochepa kenako tochuluka, moti ophunzira ake amamudandaula kumbali. Koma mkulu wake sanamuuze. Diresi analipinda pansi pa sutikesi, akafunsidwa ankangoti likumuthina.

Tsiku lina mkuluyo anatulukira ndi tepi yoyezera m'khosi.

"Bwera nalo ndilikulitse. Kapena sunalikonde, ukungondichitira ulemu?"

Zimenezo ndiye Namikanda sakanapirira.

"Achemwali, diresi lilibe vuto. Mikanda ija kumwamba kulibe. Ndinalakwitsa ndine."

"Ndiye wadziwa liti?"

"Sabata yomwe ija."

Mkuluyo anakhala pabedi. "Iwe, makasitomala anga onse ndimawauza mpaka pano. Ena amachita kubwera ndi ana awo kudzaona chithunzi chija."

Kenako mkuluyo anafunsa:

"Nanga cholondolacho chikuoneka bwanji?"

Namikanda anamuonetsa pa foni ulusi wokhawokha, wopanda kam'bulu n'kamodzi komwe. Mkuluyo anayandikitsa foniyo pamphuno n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitanitsa diresi, lezala ndi kambale.

"Isiyeni achemwali, ndichotsa ndekha."

"Ndinasoka ndine. Iwe gwira mbale."

Maso a mkuluyo sankaionanso mikandayo. Ankaifufuza ndi chala, n'kudula ulusi mosamala kuti asaboole nsalu. Namikanda anagwada pambali pake atagwira kambale kaja, akumva mkanda uliwonse ukugweramo.