Apongozi pa Bolodi la Drafuti

Chaka chimene mkulu wanga anabweretsa mwamuna pakhomo, Khirisimasi tinadyera kwathu konko, ku komboni ya Mtendere. Tinkafuna kupita kumudzi ku Katete, koma azakhali, mlongo wawo wa atate, anaimba foni ali kumudziko kuti tisavutike ndi mvula, abwera okha kudzaona munthu wofuna kutitengera mwana. Ine ndinali pa holide ya kukoleji. Ntchito yanga inali kusesa, kutunga madzi ndi kumvetsera nkhani za eni ake.

Atate amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, koma mukafuna kuti akukondeni, afunseni za drafuti. Bolodi lawo anadzipangira okha pa thabwa la chitseko chakale, ndipo zosewerera zinali zitsekerero za mabotolo: wina amatenga zagada, wina zovundikira. Mumsewu wathu munalibe wowagonjetsa. Aneba athu, bambo wopuma ntchito ya ulonda, ankagonja pafupifupi tsiku lililonse, koma mawa lake mumawaona akubweranso ndi mpando wawo kumutu.

Mnyamata wa mkulu wangayo anali wa ku Kitwe, wamtali, wofatsa. Ankakonza mafoni m'tauni ndipo ankachita lendi ku komboni ya Kuku. Chimene atate sankadziwa n'chakuti makasitomala akasowa, iye ndi anzake ankangokhalira drafuti pakhonde la shopu, ndipo kumeneko ankamuopa.

Kutatsala pang'ono Khirisimasi, ndinamva mkulu wanga akulankhula naye pa foni kuseri kwa nyumba, pampopi.

"Ukangowina batate, ukwati watha," anatero. "Uluze, wamvela? Koma uluze bwinobwino, basazibe."

Madzulo ake ndikusita zovala, ndinamvanso amayi kuchipinda. Khoma la chipinda chawo silifika kudenga, choncho chinsinsi m'nyumba mwathu chimayenda pamwamba ngati utsi.

"Imwe, mwana wabene abwela koyamba. Musamuchititse manyazi na drafuti yanu. Mumusiye awine."

"Ine? Niluze?" atate anafunsa ngati awauza kuti adule chala.

"Kamodzi chabe. Simuzafa."

Atate anausa moyo, n'kuvomera. Ine ndinatsala ndi simbi m'manja, pakamwa pali yasa. M'nyumba monse ndinali ndekha wodziwa mbali zonse ziwiri, ndipo ndinaganiza zongokhala chete kuti ndione.

Tsiku la Khirisimasi titabwera kutchalitchi, mlendo anafika atavala shati yoyera, nsapato atazikulunga m'mapulasitiki chifukwa cha matope. Ananjuta pakhomo n'kuomba m'manja, azakhali n'kumwetulira mpaka mano a kumapeto. Tinadya mpunga ndi nkhuku. Tikungomaliza, magetsi anazima, wailesi yakanema n'kufa nyimbo ili pakati. Atate anayang'ana amayi, kenaka anatulutsa bolodi kuseri kwa kabati n'kuliika pakhonde.

"Achimwene, izi ndiye ayi!" anatero azakhali. "Mkamwini kukhala maso ndi maso ndi apongozi, maondo kugundana? Kwathu sizichitika."

"Pa bolodi palibe upongozi," atate anayankha.

Anakangana pang'ono, mapeto ake anagwirizana kuti mlendo akhale pa kampando kakafupi, cham'mbali, ndipo aziyang'ana bolodi lokha osati nkhope ya atate. Aneba anamva kulira kwa zitsekerero ali kwawo, ndipo posachedwa anali atafika ndi mpando wawo.

Lamulo la drafuti ya kwathu ndi lakuti mpata wodya ukapezeka, uyenera kudya, ufune usafune. Poyamba masewero anayenda bwino. Kenaka mlendo anakankha chitsekerero chake n'kuchiika pakamwa penipeni pa cha atate, kumbuyo kwake kopanda chotchinga. Atate anachiona, koma anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata.

"Idyani!" anakuwa aneba. "Simuona? Idyani!"

Atate anadya, nkhope ili ngati akumwa mankhwala a malungo. Nawonso anabwezera. Anasuntha chawo china, kumbuyo n'kutseguka njira yoti mwana wa sukulu ya mkaka akanaiona: zitatu zondondozana. Mlendo anatuluka thukuta pamphuno.

"Batate, kapena mwaphonya. Bwezani," anatero motsitsa mawu.

"Kuno sitibweza. Idya."

Anadya. Pa kulumpha kulikonse ankati "pepani", katatu konse, mpaka chitsekerero chake chinakafika kumapeto n'kukhala kingi. Kingiyo anamusiya pakona ngati mlendo wosaitanidwa, osamugwiranso. M'malo mwake anapereka ziwiri zake. Atate anapereka chimodzi. Iye anaperekanso. Aneba anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu.

"Nanga vinthu ivi ni vichani? Zaka zonse izi mumanimenya ine monga mbala, lelo mwaiwala drafuti? Na iwe mufana, maso uli nayo?"

Ine sindinathenso kupirira. Ndinathamangira kukhitchini, n'kudziluma chitenje kuti ndisamveke. Mkulu wanga ananditsatira n'kunditsina pamkono.

"Useka chani? Si aluza bwino?"

"Onse awiri akuluza!" ndinatero misozi ili mbwe. "Amayi anawauza atate kuti amusiye awine."

Amayi anali pomwepo akupukuta mbale. Anayang'ana mkulu wanga, mkulu wanga n'kuyang'ana amayi. Kenaka amayi anakhala pansi pa simenti, mbale ili pamiyendo, n'kuseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Azakhali analowa kudzafunsa chimene chachitika. Ndinawanong'oneza, poganiza kuti asunga. Azakhali sadziwa kunong'ona. Anatuluka pakhonde manja ali m'chiuno.

"Amuna awiri akuluakulu, aliyense watumidwa ndi mkazi kuti agonje! Ndiye tikhala pano mpaka chaka chatsopano?"

Pa bolodi panali patatsala tizitsekerero towerengeka, tikuthawana. Atate anaiwala za upongozi n'kumuyang'ana mlendo m'maso.

"Iwe, unali kuniluzila dala?"

"Ee, batate." Anakweza maso. "Naimwe?"

Atate anaseka mpaka kutsokomola, aneba akuwamenya pamsana. Atapezako mpweya anasesa bolodi lonse ndi dzanja.

"Panga futi. Manje usewele monga mwamuna."

Masewero achiwiriwo sindidzawaiwala. Mlendo anasiya kukhala cham'mbali, kampando anakakokera pafupi, ndipo azakhali sanamuletse chifukwa nawonso anali atawerama pa phewa la atate. Chapakati mlendo anapereka ziwiri, ife n'kuganiza kuti wayambiranso ulemu wake uja, osadziwa kuti ndi msampha. Atate atangodya, iye analumpha bolodi lonse, kha, kha, kha, osanena pepani ngakhale kamodzi. Aneba anaimirira n'kuvina pamatope ndi masilipasi, akukuwa kuti Mulungu wawayankha. Mkulu wanga anagwira kumutu. Atate anayang'ana bolodi nthawi yaitali.

"Bwela mailo," anatero, kumuitanira mawa lake. "Ubwele m'mawa."

Holide yonse inathera pamenepo. Mlamu wanga, pakuti tinali titayamba kale kumutchula choncho, ankakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Kuku, n'kufika tiyi asanazizire. Lero awine atate, mawa awine iye, ndipo aliyense akagonja ankati dzuwa linamuthobwa m'maso, ngakhale kunali mitambo yokhayokha.

Matendawa anatigwira tonse. Azakhali anati drafuti ndi masewero a anthu aulesi, masewero enieni ndi nsolo, ndipo anakumba maenje pansi pa mtengo wa mapeyala. Mvula itagwa maenje onse anadzaza madzi, m'mawa tinapezamo achule. Amayi anakapempha mathireyi a mazira ku kantemba ka pakona, tinawalumikiza patebulo, m'malo mwa miyala n'kuikamo mtedza wokazinga. Vuto linali lakuti aliyense akadya za mnzake ankadyadi. Masewero asanafike pakati, mtedza unali utatha, azakhali akulumbira kuti anali pafupi kupambana, pakamwa pawo pali makoko. Tinasintha n'kuikamo nyemba zosaphika.

Amayi, amene kale ankati masewero otere amachedwetsa mapemphero, anasanduka munthu wina. Akamagawa nyemba m'maenje ankaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndipo akafika pa enje lodyera ankakweza mawu. Tikangomva nyimbo ikukwera tinkadziwa kuti wina walira. Tsiku lina ndiwo zinapserera pambaula chifukwa wophika ndi woyang'anira wophika onse anali pa nsolo, ndipo palibe anadandaula. Tinadya buledi ndi mapeyala.

Mnzanga wa kukoleji wa ku Chainda atamva, anabwera ndi tchesi. Anayesetsa kufotokoza malamulo, koma atate ankangofuna kudziwa chifukwa chake hatchi imayenda ngati munthu wochokera kumowa. Anakananso kumvetsa kuti pa tchesi ukhoza kuona chakudya n'kuchisiya. Azakhali anafunsa za mfumukazi, ndipo atamva kuti imapita kulikonse kumene ikufuna pamene mfumu imangoyenda phazi limodzi n'kubisala, anaomba m'manja.

"Amene anapanga masewerowa anakwatiwapo," anatero.

Kuyambira pamenepo sankalola kuti mfumukazi yawo idyedwe. Ikadyedwa ankaibweza pa bolodi mwakachetechete, wina akayang'ana kumbali, ndipo mnzanga uja ankachita manyazi kuwauza. Ine ndinagonja kwa aliyense, pa masewero onse atatu, ngakhale kwa aneba, amene anasangalala kwambiri moti anandigulira chimanga chootcha.

Munthu mmodzi yekha amene sankasangalala kwenikweni anali mkulu wanga. Ankadzikonza tsitsi, n'kuvala diresi yatsopano, mlamu akafika ankangomupatsa moni wa pakamwa maso ali kale pa bolodi. Ankamuikira madzi akumwa pambali, iye n'kunena "zikomo batate" osaona amene wabweretsa.

Pa tsiku la chaka chatsopano mlamu anatsanzika dzuwa likadalipo, chifukwa mawa lake ankatsegula shopu. Masewero omaliza anathera osapambana aliyense, ndipo atate anati amuperekeza pokwerera basi. Mkulu wanga anandikoka kuti tipite nawo, mwina apezeko mpata wolankhula ndi munthu wake. Mpatawo sunapezeke. Njira yonse awiriwo ankakangana: atate ankati akanasuntha cha kumanzere akanapambana, mlamu ankati, mwaulemu wonse, akanawadyera ziwiri.

Pa siteji minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti tauni, tauni. Mlamu anaponda phazi limodzi pakhomo, atate n'kumugwira shati. Anatola kamtengo n'kujambula bolodi pamatope, timiyala ndi zitsekerero zotola pansi n'kuziika m'malo mwake. Kondakitala anadikira, anatukwana pang'ono, basi n'kunyamuka. Inabwera ina. Kondakitala wa imeneyo anatsika kudzaona chimene anthu aunjikanira, n'kuyamba kuwauza atate posuntha, mpaka dalaivala wake anachita kumuimbira hutala. Inapitanso. Kenaka kunayamba kuwaza, mizere ya pamatope n'kufufutika.

"Apa sitizamvana," anatero atate. "Tiye ku nyumba, pa bolodi yeniyeni."

Tinabwerera tonse anayi, tikuthamanga ndi mvula, atate patsogolo ngati mnyamata. Amayi atationa pageti anangoika madzi ena a tiyi pambaula. Mkulu wanga analowa m'nyumba tsitsi lili chonyowa, n'kudziponya pa sofa pafupi ndi azakhali.

"Aunt, nanga uyu muntu abwela kukwatila ine olo batate?"

Azakhali anamusisita pamsana, n'kumukankhira thireyi ya mazira.

"Gawa nyemba, mwana wanga. Amenewo satha lero."