Mlandu Umene Goodman Anauvomera

Goodman ndi mlongo wanga wondiponda pamutu. Munthu wake ngwofatsa mpaka kukwiyitsa: ukamulalatira amangokanda m'mutu n'kupitiriza zimene amachita. Anakakwatira kwa Nkhulambe n'kukhala chikamwini, kumalima nandolo ndi chinangwa m'munda wa apongozi ake, masiku a msika n'kumapalasa kabaza. Mkazi wake Belita ankamukonda, zimenezo sindingabise.

Mwana wawo woyamba, Atikonda, anabadwa wooneka bwinobwino. Koma akati ayamwe, pang'ono pokha walisiya bere, thukuta lili kamukamu pachipumi, kupuma kuli wefuwefu. Kusikelo anzake ankakwera, iye ali pomwepo.

Akuchikazi sanachedwe kupeza dzina la matendawo: tsempho. Kunotu khanda likamanyentchera chonchi amati bambo wake wayenda ndi mkazi wina mwana asanatengedwe kumphasa. Apongozi ake ananenetsa kuti mwana wa tsempho sapita kuchipatala, akangomubaya jakisoni amatsirizika. Bambo aulule kaye, mwana amwe zitsamba, zachipatalazo pambuyo. Ndipo mkamwini ali ndi mawu anji pamudzi wa eni?

Goodman anakana, nakanabe. Masabata anapita, mwana akungotha. Ataitana ankhoswe, ine ndinapita nawo. Belita anakhala pamkeka, mwana ali pamiyendo, nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Goodman anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino. Ndinachitadi."

Belita sanalire, anangonyamula mwana n'kulowa m'nyumba.

Potiperekeza ndinamukokera Goodman pambali. "Iwe, mkaziyo ndani?"

"Palibe, achemwali. Ndimafuna andipatse mwana."

Ndinamukalipira njira yonse. Chitsiru chanji chovomera chigololo chosachita, pamaso pa ankhoswe? Iye kumangokanda m'mutu.

Zitsamba anamumwetsadi mwanayo, ndipo m'mawa mwake analola kuti apite naye kuchipatala cha boma. Adokotala anamvetsera pachifuwa kwa nthawi, n'kuitana mnzawo kuti amvenso. Anati mtima ukuchita phokoso losayenera, apite ku Blantyre. Kumeneko anamuyendetsa pachifuwa makina ofanana ndi ounikira amayi oyembekezera, n'kuwaonetsa bowo pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri za mtima. Magazi ankadutsa pamenepo n'kukachuluka m'mapapo, n'chifukwa chake kuyamwa kunkamutopetsa.

Goodman anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Kodi bambo wa mwana angachititse zimenezi?"

Adokotala anati ayi, bowolo anabadwa nalo, linapangika ali m'mimba, ndipo palibe amene analakwa. Belita anali pomwepo, anamva ndi makutu ake.

Anawapatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi, n'kuwauza kuti azibwera naye mwezi ndi mwezi. Goodman sanaphonyepo, ngakhale dzinja limene milatho inakokoloka. Atikonda anayamba kukwera kusikelo pang'onopang'ono. Patapita chaka ndi miyezi, dzina lake linatuluka pamndandanda wa odikira, anamuchita opaleshoni n'kutseka bowolo. Chipsera chake chili pakati pachifuwa, chachitali ngati chala changa chamkombaphalachi.

Ine ndinkati basi, nkhani yatha, akuchikazi apepese. Ndinaganiza mwachibwana. Apongozi a Goodman mpaka lero amati zitsamba zija ndizo zinatsegula njira. Koma amene anandiwawitsa mtima ndi Belita, chifukwa sanalankhule mwachipongwe. Anamuuza mwamuna wake mofatsa kuti, "Za mtima ndamva. Koma inu munavomera pamaso pa anthu. Ngati munanama tsiku lija, ndidziwa bwanji kuti simukunama lero?"

Ndayesa kupeza yankho la funso limeneli, ndalephera. Ndimamukwiyira mlamu wangayo, komanso ndimamumvetsa, ndipo zimenezi zimandisowetsa mtendere.

Atakolola nandolo wa chaka chimenecho, Goodman anapeza katundu wake ali panja. Panopa amagona m'kanyumba kakuseri kwanga, amapalasabe kabaza. Loweruka lililonse amapita kwa Nkhulambe, amakaima pamsewu, chifukwa pabwalo paja safikapo. Mwana ndiye amabwera.

Sabata yathayi Goodman anabwerako akumwetulira. "Achemwali, lero wathamanga kuchokera pamjigo mpaka pamsewu osaima. Osatopa n'komwe."

Anakhazika njinga pakhoma, kumwetulira kuja n'kuzilala.

"Ndiye wandifunsa chifukwa chimene sindigonera kwawo."

"Wamuyankha chiyani?"

"Ndamuuza kuti kuno ndili ndi ntchito."

Ndinafuna kumukalipiranso chifukwa cha bodza, koma ndinangopita kukamupakulira nsima.