Masamba Atatu a m'Buku la a Chisale

Ndikakumbukira a Chisale, telala amene tinkayandikana nawo nyumba kwathu ku Dedza, ndimamva fungo la simbi ya makala ikamadutsa pa nsalu yonyowa, ndi kulira kwa makina awo osokera kumene kunkayamba nkhuku zikangotuluka m'khola mpaka dzuwa kupendeka. Ndinali ndi zaka ngati khumi, woweta mbuzi wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi.

A Chisale anabwera ndi makinawo kuchokera ku Joni, pamodzi ndi timabuku ta Chingerezi tokhala ndi chithunzi cha nyundo ndi chisikilo, chizindikiro chimene boma la azungu linkadana nacho. Timabukuto ankabisa m'thumba la zigamba. Loweruka lililonse kunkabwera aphunzitsi a Mbewe, ndipo mkangano wawo unkamveka mpaka kukhola kwathu.

"Achimwene, mabuku anu omwewa akuti dziko lopanda mafakitale silinapse," ankatero aphunzitsi. "Tidikire antchito a ku Ulaya agwetse mabwana awo, adzatimasula. Awa akufuula za ufuluwa ndi makalaliki, akungofuna mipando ya azungu."

A Chisale ankalavula ulusi n'kuseka. "Aphunzitsi, nyumba ikamapsa mumafunsa mwini chidebe? Thirani madzi kaye, za mipando tikangana mawa. Tsamba linalo mumalidumpha dala inu!"

Chaka chija azungu ankagwira anthu a ndale, amalume anga anasowa pepala lopichirira fodya. Ine ndinkadziwa pamene panali mapepala ofewa bwino. Ndinapisa dzanja m'thumba la zigamba muja, n'kung'amba masamba atatu. Amalume anapita nawo kumowa, ndipo kumeneko mesenjala wa boma atapempha ndudu anaona nyundo ndi chisikilo pakona.

Amalume atanditchula, apolisi anafika masana, nsalu ya mkwatibwi wina ili pa makina. "Iwe mwana, pepala ili unalitenga kuti?" Ndinangoloza a Chisale ndi chala, apolisi n'kuwatenga.

A Chisale anabwerera patatha chaka, zala za kudzanja lamanja zitapindika ngati mizu ya chinangwa. Sanasokenso. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandimenya. Anangoti, "Mphwanga, pepala uziyamba waliwerenga usanalisute." Mawu amenewa ndi amene anandikhazika pa benchi la sukulu ya kwacha ndili ndi zaka makumi anayi, ndevu zitayamba imvi.

Nkhaniyi sindinauze munthu, ngakhale malemu mkazi wanga, mpaka mwana wanga Esinati, yemwe ndi namwino, atanditengera ku Wolverhampton, kwawo kwa azungu amene ankatilamulira aja. Tsiku lina mdzukulu wanga Tadala, wa ku yunivesite, anandikweza tramu, sitima ya m'tauni, kupita ku Birmingham kukandigulira jekete. Pakati pa tauni tinapeza mzungu wokalamba atayala timabuku patebulo. Nyundo ndi chisikilo, poyera! Chapafupi panaima wapolisi akudya tchipisi.

Ndinamukoka Tadala mkono. "Tiye, mwana iwe, atigwira!"

"Agogo, it's just a book stall," anaseka. "Mukuwopa ma leaflet?"

Wapolisi uja anapukuta m'manja, n'kumupatsa moni mzungu uja, n'kumapita. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Kuno ndi kumene kunkachokera malamulo amene anathyola zala za a Chisale, ndipo kuno chinthu chomwecho chikugulitsidwa ngati tomato.

Tadala anagula kabuku kamodzi, ndipo m'tramu anandimasulira m'Chichewa chake chotsimphina. "Akuti kalekale ma Marxist, anthu a nyundo ndi chisikilowa, anka-arguer ngati kunali koyenera ku-supporter mayiko osauka pomenyera ufulu. Ena ankati yes, pompano. Ena ankati adikire, sanakhwime."

"Ankakangana za ifeyo?"

"Eya, agogo. Ali m'ma meeting, kuno ku Ulaya."

Ndiye kuti mkangano wa pakhonde la a Chisale unali wobwera nawo. Anthu anakangana ali pamipando, akumwa tiyi, ngati ife tinali oyenera kuthandizidwa, koma zala zinathyoka ku Dedza, ndipo chala choloza chinali changa. Ndinayamba kulira pamaso pa azungu onse aja, n'kumuuza Tadala zonse. Sanaseke. Anangondigwira chala chomwecho mpaka titatsika.

Kabukuko kamakhala m'thumba la jekete ija. Chingerezi chake chimandilemera, choncho Tadala amandiwerengera tsamba limodzi Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Sindikudziwa ngati masamba atatu aja ali m'menemo, ndiye ndimamuletsa kudumpha ngakhale limodzi.